Chigwa cha Shire chinamangidwa ndi madzi omwe amachimizawo

Mvula ikangolimba mu Januwale, pa wayilesi pamamveka mayina omwe aja a chaka ndi chaka: Makhanga, Bangula, Nchalo, kwa Nyachikadza. Madzi asefukira, anthu ali pamsasa kusukulu, msewu wa M1 waduka. Ndiye akumtunda amayamba kufunsana kuti kodi anthu amenewa bwanji osangosamuka. Ambiri ofunsa funsoli amafunira anzawo zabwino, koma funsolo limasonyeza kuti ntchito ya mtsinje sitinaimvetse. Dera lathyathyathya la ku Chikwawa ndi ku Nsanje, limene timati madzi alilowerera, linapangidwa ndi madzi omwewo. Dothi limene mlimi wa ku Makhanga amagaula ndi khasu lake linabwera ndi chigumula china cha kalekale kuchokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Mwanza kapena ku Neno.

Zonse zimayambira pa kutsetsereka kwa dziko. Nyanja ya Malawi inakhala m'chigwa chachikulu chimene chinapangika pamene nthaka ya kum'mawa kwa Africa inang'ambika n'kutitimira, ndipo mng'alu womwewo ukupitirira kummwera mpaka ku Nsanje. Pamwamba pa nyanjayi ndi mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Potulukira madzi ake ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, umene umayenda makilomita pafupifupi 400 usanakathire mu Zambezi ku Mozambique. Kuchokera ku Mangochi, kudutsa m'nyanja ya Malombe mpaka ku Liwonde, Shire amayenda mwaulesi chifukwa malo ake ndi osatsetsereka kwenikweni. Akapitirira Matope zinthu zimasintha. M'makilomita 80 okha mtsinjewu umatsika mamita oposa 350, kugwa pa mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Ukatuluka pa Kapichira umapezeka uli kale m'munsi, ndipo ulendo wonse wotsala mpaka kumalire, pamalo otsikitsitsa m'dziko muno a mamita 37, umangotsika pang'onopang'ono.

Madzi othamanga amasema. Paokha madzi sangathe thanthwe msanga, koma amanyamula mchenga, nsangalabwi ndi miyala, n'kumakhula nazo pansi ndi m'mbali. Amene anafikapo pa mathithi m'chilimwe, madzi ataphwera, anaonapo maenje ozungulira bwino osalala m'kati, okumbika m'thanthwe lolimba. Mukapisamo dzanja mumapeza timiyala tobulungira tiwiri kapena titatu pansi pake. Ndi timeneto tinakumba dzenjelo, tikuzunguzidwa ndi madzi nyengo ya dzinja iliyonse kwa zaka zosawerengeka. Mpata wopapatiza wa Mpatamanga unakumbika motero. Pamene dothi lili lofewa ntchitoyi sitenga nthawi. Zipilala za Malape ku Machinga ndi zotsala za nthaka imene madzi a mvula anakokolola mozungulira n'kusiya mbali zolimbirapo zili njo, ndipo chigwembe chimene chikudya munda kapena msewu wa kumudzi kwanu chikuchita zomwezo inu mukuona.

Zimene madzi asema kumtunda sizisowa. Mtsinje umazinyamula malinga ndi liwiro lake, ndipo liwiro likangochepa umayamba kutula. Potsika kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, musanafike pa Thabwa, chigwa chonse chimaoneka pansi chili yalaa, Shire akukhotakhota pakati pake. Apo m'pamene katundu yense wa kumtunda amatulidwa, ndipo amatulidwa mwadongosolo. Miyala ikuluikulu imatsala m'tsinde mwa phiri. Mchenga umapitirirako pang'ono. Matope osalala amafika kutali, m'malo amene madzi amadikha, ndipo ndi amene amasanduka dothi lakuda lachonde. Mitsinje ing'onoing'ono yotsika m'mapiri a Thyolo kupita ku East Bank, monga Livunzu ndi Maperera, imaonetsa zimenezi poyera: ikangotuluka m'phiri imamwaza miyala ndi mchenga mbali zonse, imadzitsekera yokha njira, kenako n'kutsegula ina pambali. Nyumba yomangidwa pa malo oterowo ingakhale patali ndi khwawa chaka chino, chaka chamawa khwawalo n'kudzadutsa pakhomo.

M'chigwa mtsinje suyenda mowongoka. Pamene wakhota, madzi a kunja kwa gonyo amathamanga ndipo amadya gombe, pamene a m'kati amayenda pang'onopang'ono n'kumasiya mchenga. N'chifukwa chake munthu wina munda wake umachepa chaka ndi chaka pamene wa tsidya lina ukukula, ndipo milandu ya malo yotere mafumu a m'mphepete mwa Shire amaidziwa bwino. Gonyo likakula kwambiri, chigumula china chimadula chidule, njira yakale ija n'kusanduka thamanda lopindika lodzaza bango ndi nsomba.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa alendo. M'malo ambiri a m'chigwa, gombe lenileni la mtsinje ndi lokwererapo kusiyana ndi minda imene ili kumbuyo kwake. Chifukwa chake n'chakuti madzi akangodumpha gombe amataya mphamvu pomwepo n'kusiya mchenga wolemera m'mphepete momwemo, ndipo pakapita zaka pamakhala kamtunda kotsata mtsinje. Kamtundako kamateteza pa chigumula chaching'ono. Koma chachikulu chikadumpha, madzi sathanso kubwerera mumtsinje ngakhale mtsinjewo utaphwera. Amakhala m'minda ndi m'midzi milungu ingapo, kudikira kuti alowe pansi kapena aume ndi dzuwa. Nthawi yomweyo pansi pa mtsinje pamakhala pakukwera ndi mchenga. Zili ngati poto amene mwathiramo mchenga mpaka theka: madzi omwe ankakwanamo kale tsopano atayikira. Zikafika poipa, mtsinje umapezeka ukuyenda pamwamba kuposa dziko loyandikana nalo, ndipo tsiku lina umaboola gombe n'kusiyiratu njira yake yakale.

Izi n'zimene Ruo anachita mu Januwale 2015. Ruo amachokera m'phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo amatsata malire a Malawi ndi Mozambique, kugwa pa mathithi a Zoa, mpaka kukakumana ndi Shire pa Chiromo. Ndi mtsinje waufupi koma waukali, chifukwa mvula ya ku Mulanje ndi Thyolo imatsika phiri m'maola ochepa. Chaka chimenecho Ruo anaboola gombe n'kutsegula njira yatsopano, ndipo Makhanga anatsala pakati pa madzi, kofikako ndi bwato kapena helikopita basi. Boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, anthu oposa 100 anamwalira ndipo pafupifupi 230,000 anasowa pokhala.

Pa Chiromo pamachitikanso china. Ruo akadzaza amafika ndi mphamvu yoposa ya Shire, ndiye amamutsekereza. Madzi a Shire amasowa kopita n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, kudzaza dambo lalikulu la Elephant Marsh, lija David Livingstone anapezamo njovu mazanamazana mu 1859. Choncho mudzi wa kumtunda kwa Chiromo ukhoza kumira chifukwa cha mvula imene yagwa ku Mulanje, kwawoko kuli ngwee. Damboli, limene mu 2017 linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, ndi limene limapulumutsa ambiri a ku Nsanje, chifukwa limasunga madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Njanji ndi msewu wa pakati pa Bangula ndi Chiromo zinamangidwa pa chimulu chodutsa m'njira ya madzi amenewa, ndipo mu 1997 madzi anachiboola pa Mtayamoyo. Ine ndimaona kuti pamenepa pali phunziro limene omanga misewu sanalilabadire mokwanira: chimulu chilichonse chopingasa chigwa chimasanduka damu, ndipo damu lopanda potulukira madzi pokwanira limaphulika.

Mpaka apa takamba za madzi ooneka. Koma mbali yaikulu ya nkhaniyi ili pansi pa mapazi athu. Mvula ikagwa, madzi ena amauma, ena amathamanga pamwamba, ndipo ena amalowa m'nthaka. Olowawo amatsika mpaka afike pamene timipata tonse ta m'dothi ndi ming'alu ya m'miyala zili zodzaza kale. Wokumba chitsime amadziwa malo amenewa: dothi limayamba kuzizira, kenako kunyowa, kenako madzi amayamba kuchucha m'mbali mwa dzenje. Mlingo umenewo sukhala pamodzimodzi. Umakwera m'dzinja, umatsika m'chilimwe, ndipo n'chifukwa chake chitsime chosazama chimaphwa mu Okutobala pamene mjigo wozama ukutulutsabe madzi. Sikuti pansipo pali nyanja kapena mitsinje yoyenda m'mapanga. M'madera ambiri a dziko lino madziwo amangosefa pang'onopang'ono m'miyala yofumbutuka ndi m'mchenga, kutsata kutsetsereka kwa dziko, mwina mamita ochepa okha pa tsiku.

Pamene mlingowo wakumana ndi pamwamba pa nthaka, pamatuluka kasupe kapena pamakhala dambo. Madambo a m'zidikha za Lilongwe, Kasungu ndi Mchinji ndi otero: udzu wobiriwira wopanda mitengo, chifukwa mizu ya mitengo yambiri sipirira kumira miyezi yathunthu. Mtsinje umene umayendabe mu Seputembala, mvula italeka kalekale, ukumwa madzi apansiwa. Ndipo ngakhale mtsinje wooneka wouma sukhala wouma kwenikweni. Mtsinje wa Mwanza ukafika ku Chikwawa m'chilimwe umangokhala mchenga wokhawokha wotentha, koma amayi amafukula ndi manja kapena ndi mbale, kuzama ngati mkono, n'kudikira pang'ono. Madzi oyamba amakhala akuda, amawatunga n'kutaya, kenako amabwera oyera, ozizira, n'kumatunga ndi chikho kuthira mu ndowa.

Madzi apansi amasunthanso zinthu mwakachetechete. Amasungunula mchere wa m'miyala n'kuyenda nawo. M'madera ena a Chikwawa, kumene madziwa ali pafupi ndipo dzuwa ndi loopsa, chinyezi chimakwera n'kuuma, mchere n'kutsala pamwamba pa dothi uli mbuu. Makolo a ku Chigwa cha Shire ankakokola dothi lotere n'kutcheza mchere, koma lero vuto lake ndi mijigo yotulutsa madzi owawa amene anthu amawakana n'kubwerera kumtsinje komwe kuli ng'ona. Kumene kuli miyala ya laimu, madzi amaisungunula n'kusiya mapanga ndi maenje obisika. Mzinda wa Lusaka unakhala pa miyala yotere, ndipo m'makomboni monga Kanyama ndi Misisi madzi amadzaza m'dzinja popanda mtsinje waukulu wosefukira. Amachita kutumphuka kuchokera pansi.

Tsopano onani mmene ziwirizi zimakumanirana. Mvula yoyamba ya mu Novembala kawirikawiri sibweretsa chigumula chachikulu, chifukwa nthaka imakhala ndi ludzu. Ngozi imabwera mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi, nthaka itakhuta. Mamilimita 100 a mvula pa hekitala imodzi ndi malita 1,000,000. Ngati pansi palibenso malo, madzi onsewo amapita kukhwawa tsiku lomwelo, ndipo makwawa onse amafika kumtsinje nthawi imodzi. N'chifukwa chake mvumbi wa masiku atatu umaopsa kuposa chimvula cha ola limodzi, komanso namondwe wofika kumapeto kwa dzinja amawononga kuposa wofika koyambirira. Idai mu 2019, Gombe mu 2022 ndi Freddy mu 2023 onse anabwera mu Malichi. Ndipo m'midzi yambiri chimene chimagwetsa nyumba si mafunde. Madzi apansi amakwera, pansi pa nyumba pamayamba kutuluka chinyezi, zidina za m'munsi zimafewa, usiku khoma n'kugwera anthu ali mtulo. Zimbudzi zokumba zimadzaza n'kugumuka, zonyansa zake n'kulowa m'madzi omwe akupita kuchitsime. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangodutsa, inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

M'mapiri madzi apansi amaonetsa ukali wina. Dothi la m'phiri limakhala losazama, logona pa thanthwe lotsetsereka. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, madzi amalowa mpaka pathanthwe, amalephera kupitirira, n'kuyamba kudzazana pakati pa dothi ndi mwala. Dothilo limalemera, kugwirana kwake kumatha, ndipo mwadzidzidzi mbali yonse ya phiri imatereka. Ikalowa m'khwawa imasakanikirana ndi madzi n'kukhala chiphala cha matope chonyamula mitengo yathunthu ndi miyala yaikulu kuposa nyumba. Makolo anati ameneyu ndi Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. Amene anaona zimenezi ndi maso sankanama pa zimene anafotokoza: mkokomo wochokera pansi, madzi otumphuka pamene panalibe kasupe, ndi mkwasa wautali wokhotakhota wotsala m'phiri. Zinachitika ku Zomba mu Disembala 1946. Zinachitika ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 Freddy anagumula phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe komanso mapiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Ku Nkhulambe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi, imene madera ambiri a dziko lino amalandira chaka chonse. Anthu oposa 600 anapezeka atamwalira ndipo ena oposa 500 sanapezeke. Miyala ikuluikulu yomwazikana m'tsinde mwa mapiri amenewa, imene anthu amamanga nyumba pakati pake, inafika pamenepo mwa njira yomweyo nthawi ina m'mbuyomo. Pamene pali miyala yotere pakhoza kudzadutsanso ina.

Nanga mbali yathu ndi iti? Tisanamizane kuti mitengo ikanaletsa Freddy. Mvula yochuluka chotero imagumula ngakhale phiri la nkhalango. Koma pa mvula ya zaka wamba, kusiyana kwake n'kwakukulu. Pansi pa mitengo, masamba ofota ndi mizu zimatsegula njira zoti madzi alowe. Pa phiri lometedwa ndi ootcha makala, kapena m'munda wolimidwa mizere yotsata kutsetsereka, madontho amamenya dothi mwachindunji, pamwamba pamaumbika kachikhungwa, ndipo madzi amathawa atanyamula nthaka. Zotsatira zake ndi ziwiri nthawi imodzi: chigumula chofika msanga m'dzinja, ndi zitsime zouma msanga m'chilimwe, poti madzi amene anayenera kulowa pansi anapita kale. Dothi lokokolokalo ndi limene likukwirira Mwanza ndi mitsinje inzake, ndi limene kampani yopanga magetsi ya EGENCO imalimbana nalo pochotsa matope pa Nkula. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense amene anakhala mumdima nthawi imeneyo analawako nkhani ya Shire ngakhale sanafikeko ku Chikwawa. M'tawuni vuto ndi lomwelo m'maonekedwe ena: malata, simenti ndi phula sizimwa madzi, ngalande zatsekeka ndi mapulasitiki, ndipo nyumba zamangidwa m'madambo amene ankasunga madzi a Mudi, Lingadzi ndi Lilongwe.

Nyanja nayo ili ndi nyengo zake zazitali. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka, mchenga ndi zomera zitatseka njira. M'zaka zimenezo anthu a m'chigwa ankalima malo ambiri amene poyamba anali madzi, ndipo nyanja itakweranso minda imeneyo inamira. Baraji ya Kamuzu ku Liwonde inamangidwa mu 1965 kuti izilamulira madzi otuluka, koma ntchito yake ndi yovuta: mukatseka kwambiri mumamiza a ku Mangochi, monga anaonera mu 2024 nyanja italowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ndipo mukatsegula kwambiri mumawonjezera madzi kwa a kumunsi. Komanso Ruo, Mwanza ndi mitsinje ina yaukali imalowa mu Shire kumunsi kwa barajiyo, kumene zitseko zake zilibe mphamvu.

Tibwere tsono kwa anthu okhala m'chigwa. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mvula ndi yochepa ndiponso yosadalirika, ndipo munda wa kumphala, wodalira mvula yokha, umatha kupsa zaka ziwiri zotsatizana. Chodalirika ndi dimba. Madzi akaphwera cha mu Epulo ndi Meyi amasiya matope atsopano ndi chinyontho pafupi, ndipo anthu amabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda feteleza kapena pampu, akutsatira madziwo pamene akubwerera. M'mathamanda muli milamba ndi makakana, ndipo chaka cha njala anthu amakazula nyika m'dambo. Munthu amene akukana kuchoka kwa Nyachikadza si wosamva. Wawerengera kuti kumtunda akapatsidwa malo omangapo nyumba, koma chakudya chake chili kudimba.

Choncho kusamutsa anthu kumatheka pokhapokha nyumba ikakhala pamalo okwera koma dimba likhalebe lawo ndiponso lofikirika, ndi mjigo wa madzi okoma, sukulu ndi chipatala zili komweko. Machenjezo nawo ayenera kuchokera kumene madzi amayambira. Amene amawerenga sikelo ya madzi pa Ruo kapena pa mitsinje ya ku Mulanje ndi Thyolo akaimba foni msanga, a kumunsi amakhala ndi maola angapo otulutsa ana, okalamba ndi mbuzi. Zimulu zotchinga madzi zimathandiza kuteteza misika, zipatala ndi sukulu, koma zimakankhira madziwo kwa ena a tsidya kapena a kumunsi, ndipo popeza mchenga ukupitirira kukwera pansi pa mtsinje, chimulu chimene chinali chokwanira pomangidwa chimafunika kuchikwezanso pakapita zaka. Ndalama zokonzera ndi kukwezera zimuluzo ziyenera kukhalapo kuyambira tsiku lomwe ntchito yomanga ikuvomerezedwa.